Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: mayi wapakati akamakanda kumapazi usiku

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo kusekondale, ndipo chiwindi ndachijambula pa bolodi kwa zaka zambiri. Ndimachijambula bwino ndithu, ndi kathumba ka ndulu kunsi kwake, ndipo ana a fomu 3 amakopera m'makope mwawo n'kukhoza mayeso. Koma pamene chiwindi cha mng'ono wanga chinkavutika m'nyumba mwanga momwe, sindinachizindikire. Ndalemba kalatayi kudzapempha kuti pa mafunso amene azamba amafunsa kusikelo pawonjezeredwe limodzi, ndiponso kuti mayi akayankha kuti inde, magazi ake akhale ndi njira yokafikira ku labu. Ndipirireni, ndiyambe ndi momwe ndinadziwira funsolo.

Mng'ono wangayo anabwera kudzakhala kwathu mimba yake yoyamba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, popeza kwathu n'kufupi ndi chipatala. Unali mwezi wa Okutobala, nyengo imene khoma la nyumba limatenthabe mpaka pakati pa usiku. Tsiku lina ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko nditamva kukwecha pakhonde, ngati wina akupala chambo. Nditatuluka ndinamupeza pa kampando, phazi limodzi atalisanjika pa bondo, akulikwecha ndi chitsononkho. Phazi linalo linali m'beseni la madzi. Anati, "Achemwali, tulo palibe. Kukuyabwa mkati, kumene chikhadabo sichifika." Ndinamuunika ndi tochi ya pafoni. Zikhatho zinali zosalala, kunsi kwa mapazi kopanda kachiphuphu ngakhale kamodzi. Pa miyendo pokha ndi pamene panali mizere ya zikhadabo zake zomwe.

Aliyense anali ndi yankho lake. Azakhali anati mwanayo adzabadwa ndi tsitsi lambiri. Amayi anati asinthe sopo. Mayi wina woyandikana naye nyumba anabweretsa masamba oti aziviika m'madzi osamba. Ine, mphunzitsi wa sayansi, ndinati khungu likukokeka, n'kubwerera kukagona.

Pa tsiku la sikelo ndinamuperekeza. Mzere unachokera pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa mango, ndipo mzamba analipo mmodzi. Anamukweza pa sikelo, anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anayeza mimba ndi tepi, anaika kalipenga kaja n'kumvetsera mtima wa mwana. Zonse zinali bwino. Za kuyabwazo mng'ono wanga anazitchula atayimirira kale, chitenje akumanga. Mzambayo anati mphere zafala m'derali, n'kumulembera mankhwala opaka ndi piritoni. Chipatalacho sindichitchula, ndipo mzambayo ndilibe naye mlandu. Pa khoma kumbuyo kwake panali chithunzi cha zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera: kutaya magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, mwana kusiya kusewera. Ndinachiwerenga kangapo podikira. Mawu oti kuyabwa panalibe, ndipo iye anachita zonse zimene khomalo linamuuza.

Lachiwiri lina, mimba ili m'sabata ya 37, mtima wa mwana unamveka ukugunda bwinobwino. Lachisanu m'mawa mng'ono wanga anati kuyambira usiku mwana sanasewere. Kuchipatala kalipenga kanasuntha uku ndi uku pamimba, kenako anakaitana wina, kenako winanso. Anali mwana wamwamuna, wokhwima, wa zala zonse. Mukudziwa mwambo wathu pa mtayo: amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire mokweza. M'kabuku ka sikelo munalembedwa kuti mwana anabadwa atafa, ndipo pamalo polemba chifukwa panatsala poyera.

Patapita masiku atatu, kuyabwa kuja kunatheratu. Palibe anakulabadira, poti m'nyumba munali chisoni choposa kuyabwa. Ine zinandikhala pamtima. Mphere sizichoka zokha pa masiku atatu, komanso sizisankha munthu mmodzi m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri ofunda zofunda zochapira pamodzi. Ndinayamba kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza zinandibwezera ku chithunzi changa cha pa bolodi.

A Nduna, ndulu timaidziwa tonse tisanapite kusukulu. Mtsikana akamaphunzira kutumbula nkhuku, chinthu choyamba chimene amayi ake amamuchenjeza ndi kathumba kobiriwira kamene kamamatirira pa chiwindi. Ukakaboola, chiwindi chonse chimawawa, ndipo ngakhale utsuke bwanji, ndiwo zawonongeka. Timakadula mosamala n'kukataya kutali ndi agalu. N'chifukwa chake ambiri timaiona ndulu ngati chiphe chimene nyama imangoyenda nacho. Za ndulu ya ng'ona ndiye musachite kunena. Mu Januwale 2015 anthu 75 atamwalira ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique atamwa mowa wa pamaliro, mphekesera yoyamba inali yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Ofufuza anadzapeza kuti chinapha anthuwo ndi poizoni wa tizilombo tina timene tinamera mu ufa wophikira mowawo. Ndulu timaiopa pamene sinalakwe, ndipo pamene ikuvulazadi sitiiganizira n'komwe.

Ndulu ndi sopo wa m'mimba. Chiwindi cha munthu wamkulu, cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, chimapanga ndulu yokwana theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse. Mu nduluyo muli timadzi towawa totchedwa asidi a ndulu, timene chiwindi chimapanga kuchokera ku kolesitolo. Munthu akadya nsinjiro, mapeyala kapena nyama yonona, kathumba kaja kamafinyira ndulu m'matumbo, ndipo asidiwo amaphwanya mafutawo kukhala timadontho ting'onoting'ono, monga momwe sopo amachitira ndi mafuta a m'poto. Popanda iwo, mafuta ndi mavitamini oyenda ndi mafuta, monga A, D, E ndi K, amangodutsa. Chimene chimandisangalatsa pophunzitsa ndi kusawononga kwa thupi. Kumapeto kwa matumbo aang'ono, magawo 95 mwa 100 a asidi amenewa amayamwidwanso, n'kubwerera ku chiwindi kudzera m'magazi, chiwindi n'kuwatola, n'kuwatumizanso. Amazungulira choncho kangapo pa tsiku. Mwa munthu wabwinobwino, amene amatayikira m'magazi a thupi lonse ndi ochepa kwambiri.

Mimba imachedwetsa kuzungulira kumeneku. Mahomoni a estrogen ndi progesterone, amene amakwera kwambiri m'miyezi itatu yomaliza, amafooketsa timapampu ta m'maselo a chiwindi timene timakankhira asidi m'timitsempha ta ndulu. Kathumba kaja nakonso kamachita ulesi pofinya, n'chifukwa chake timiyala ta m'ndulu timakonda amayi amene anaberekapo. Kwa amayi ambiri kuchedwaku n'kochepa ndipo sakumva. Koma alipo ena amene timapampu tawo n'tofooka chibadwire, ndipo vutoli limayenda m'banja, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Kwa iwowa ndulu imaima ngati madzi m'ngalande yotsekeka, asidi n'kusefukira m'magazi. Madokotala amati intrahepatic cholestasis of pregnancy, kutanthauza kuima kwa ndulu mkati mwa chiwindi chifukwa cha mimba. Chizindikiro chake ndi chimene ndinachiona pakhonde: kuyabwa kopanda zotupa, kokonda zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, kokula usiku, koyamba kawirikawiri mimba itapitirira miyezi isanu ndi umodzi, kotha mayi akachira. Ena mkodzo umada, chimbudzi n'kuyezuka. Chikasu m'maso chimaoneka mwa ochepa chabe, choncho wodikira maso achikasu kuti akhulupirire kuti chiwindi chavuta adzadikira mpaka maliro. Mimba ya mapasa imaonjezera chiopsezo.

Mayi amavutika, koma kawirikawiri amapulumuka. Woopsezedwa ndi mwana. Mwana m'mimba amapanganso asidi a ndulu, ndipo amawataya kudzera pa nsengwa kupita m'magazi a mayi ake. Magazi a mayi akadzaza kale, njira imatembenuka, asidi a mayi n'kumalowa kwa mwana. Ofufuza a ku London, motsogozedwa ndi Catherine Williamson, anaonetsa m'labu kuti maselo a mtima akathiridwa asidi amenewa amasokonekera kagundidwe. Asidiwo amathanso kufinya mitsempha ya pa nsengwa, kuchititsa mwana kuchita chimbudzi chake choyamba ali m'mimba, ndi kuyambitsa matenda masiku asanakwane. Mwana wotere sachita kufooka pang'onopang'ono ayi. Amakula bwino, tepi imasonyeza bwino, kalipenga kamamva mtima Lachiwiri, ndipo Lachisanu kuli zii. Madokotala a ku Britain amanena poyera m'malangizo awo kuti sikani ndi makina omvera mtima wa mwana sizitha kuneneratu imfa ya mtundu umenewu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chimaimba. Ng'oma yake inali chitsononkho chija, ndipo inalira milungu isanu ndi umodzi m'nyumba ya mphunzitsi wa sayansi.

Matendawa si achilendo kwa asayansi. Dokotala wa ku Germany dzina lake Ahlfeld anawalemba mu 1883. Ku Chile, m'zaka za m'ma 1970, Humberto Reyes ndi anzake anapeza kuti pakati pa amayi a mtundu wa Mapuche oposa mmodzi mwa anayi alionse oyembekezera ankadwala matendawa, ngakhale chiwerengerocho chinadzatsika kwambiri pambuyo pake. Ku Britain amagwira amayi pafupifupi 7 mwa 1,000, ndipo mwa amayi ochokera ku India ndi Pakistan chiwerengerocho chimawirikiza pafupifupi kawiri. Ku Britain komweko kuli bungwe la ICP Support, limene linayambitsidwa mu 1991 ndi mayi amene anataya ana awiri. Kwa zaka zambiri madokotala kumeneko ankangochiritsa msanga mayi aliyense wopezeka ndi vutoli, chifukwa cha mantha.

Chimene chinasintha zinthu ndi kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2019, wolembedwa ndi Caroline Ovadia ndi anzake. Anasonkhanitsa mbiri za amayi oposa 5,000 odwala matendawa ochokera m'maiko osiyanasiyana, n'kuziika m'magulu potengera kuchuluka kwa asidi a ndulu m'magazi, poyeza ma micromole pa lita. Pa mimba za mwana mmodzi, amayi amene asidi awo sanafike 40 anataya ana 13 mwa 10,000. Amene anali pakati pa 40 ndi 99 anataya 28 mwa 10,000, zimene sizisiyana kwenikweni ndi amayi ena onse m'maikowo. Koma amene anafika 100 kapena kuposa anataya ana 344 mwa 10,000. Onani kudumphako, a Nduna. Amayi atatu akhoza kumakanda mofanana pa benchi imodzi ya sikelo, koma mmodzi yekha ndiye ali m'mphepete mwa dzenje, ndipo kukula kwa kuyabwa sikukuuzani kuti ndi uti. Amene angakuuzeni ndi magazi.

Potsatira zimenezi, bungwe la Royal College of Obstetricians and Gynaecologists linakonzanso malangizo ake mu 2022. Mayi woyabwa popanda matenda a pakhungu amatengedwa kuti ali ndi vutoli asidi ake akafika 19. Pakati pa 19 ndi 39 akhoza kudikira mpaka sabata ya 40. Pakati pa 40 ndi 99 amalangizidwa kuchira pa sabata ya 38 kapena 39. Akafika 100, aganiziridwe kuchiritsidwa pa sabata ya 35 kapena 36. Mng'ono wanga anataya mwana m'sabata ya 37.

Mwina alangizi anu adzakuuzani kuti yankho ndi kugula mankhwala. Alipodi, otchedwa ursodeoxycholic acid. Dzina lake limachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chimbalangondo, chifukwa anayamba kupezeka mu ndulu ya nyama imeneyo. Koma mu 2019 momwemo munatuluka zotsatira za kafukufuku wa PITCHES, wotsogoleredwa ndi Lucy Chappell, amene anachitika pa amayi 605 m'zipatala 33 za ku England ndi Wales. Theka anamwa mankhwalawa, theka anamwa mapiritsi opanda kanthu. Ana a magulu awiriwa sanasiyane pa imfa, pa kubadwa masiku osakwana ndi pa kugonekedwa ku chipinda cha makanda, zonsezi zitawerengedwa pamodzi, ndipo kuyabwa kunatsika pang'ono chabe. Kafukufuku wina wa mu 2021 anasonyeza kuti mwina amachepetsako kubadwa masiku osakwana, choncho sindikuti atayidwe. Ndikuti ndalama yoyamba isapite kumeneko. Chimene chimapulumutsa mwana ndi kudziwa sabata yomutulutsira.

Ndikudziwa yankho limene kalata ngati iyi imalandira ku Capital Hill, ndipo si lopusa. Amayi athu akufa ndi kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi, matenda olowa m'chiberekero ndi kuchedwa kufika kuchipatala. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 amamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Ana ambiri obadwa akufa kuno amafa pa nthawi yochira yeniyeniyo, kapena chifukwa cha chindoko ndi malungo, zinthu zimene tikudziwa kale kuzipewa. Pamaso pa zimenezi, kuyabwa kumaoneka ngati dandaulo la anthu okhuta. Ndikuvomereza kuti matendawa sali pamwamba pa mndandanda. Sindikupempha nyumba yatsopano kapena galimoto. Funso lilibe mtengo, ndipo kulifunsa sikuchotsa botolo la magazi ngakhale limodzi mu furiji.

Pali chifukwa chinanso, chimene chili chathuchathu, ndipo n'chimene chimandiletsa kungonena kuti mayi aliyense wokanda achiritsidwe msanga. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa kubadwa kwa ana masiku osakwana, ana 18 mwa 100 alionse. Zipinda zathu za makanda n'zodzaza kale, amayi atafungatira tiana pachifuwa mwa njira ya kangaru. Kuyabwa wamba n'kofala pa mimba, pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi kapena asanu amakandako, ndipo ambiri mwa iwo chiwindi chawo chili bwino. Tikangolengeza pa wailesi kuti kuyabwa kumapha mwana popanda njira yoyezera, tidzaona ana akutulutsidwa pa sabata ya 35 popanda chifukwa, ena mwa iwo masabata ake atawerengedwa molakwika poti mayi anayamba sikelo mochedwa. Choopsa china, mayi wamantha amene chipatala chamubweza adzapita kukafuna mwanamphepo kuti adziyambitsire matenda yekha. Ku London kuyeza magaziku kunathandiza kuti asiye kuchiritsa msanga amayi osafunika kutero. Kuno kufunika kwake n'kokulirapo, chifukwa mwana wobadwa msanga kwathu amakumana ndi zambiri kuposa wa ku London.

Ndinaona ubwino wake ndi maso anga patapita zaka ziwiri. Mng'ono wanga anaimanso, ndipo matendawa amakonda kubwerera pa mimba zotsatira. M'sabata ya 31 anandiimbira foni usiku. Sanapereke n'komwe moni. Anangoti, "Achemwali, zayambanso." Ulendo uno ndinapita naye kwa dokotala wa amayi mumzinda, nditanyamula mapepala amene ndinasindikiza kusukulu, ndili wokonzeka kukangana. Sipanafunike mkangano. Dokotalayo anamugwira zikhatho, anayang'ana pakati pa zala, anafunsa ngati ena kunyumba akukanda, anafunsa mtundu wa mkodzo, n'kunena dzina la matendawo ine ndisanatsegule chikwama. Anati amawadziwa, vuto ndi poyezera. Magazi a chiwindi wamba anayezedwa tsiku lomwelo, koma a asidi a ndulu tinakalipira ku labu yoima payokha, ndipo anatenga masiku angapo. Tinayeza katatu, ndipo ndalama zake zinadya gawo lalikulu la malipiro anga a miyezi iwiri. Ulendo wachitatu nambala inadutsa 100. Anamugoneka, anamuyambitsa matenda m'sabata ya 36, ndipo kunabadwa mtsikana amene anakhala masiku ochepa ku chipinda cha makanda. Lero ali ku mkaka, ndipo ndi wolongolola ngati azakhali athu aja a nkhani ya tsitsi.

Mwana ameneyu ali moyo chifukwa mayi ake ali ndi mkulu wawo wapantchito, wodziwa Chingerezi, wokhala ndi intaneti, amene anali atalipira kale sukulu yake ndi mtembo wa mwana woyamba. Mayi wa kumudzi amene akukwecha phazi pa mwala wa kubafa usiku uno alibe zonsezi.

Pempho langa loyamba ndi funso lija. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kasanu ndi katatu, ndipo maulendo ambiri mwa amenewa amagwera m'miyezi yomaliza, nthawi yeniyeni imene vutoli limaonekera. Pa ulendo uliwonse kuyambira sabata ya 26 kapena 30, mzamba afunse kuti, "Kodi mukumva kuyabwa m'manja kapena kunsi kwa mapazi, makamaka usiku?" Afunse ndi iye, asadikire mayi. Amayi athu sadandaula za kuyabwa pamaso pa anamwino otanganidwa, amaona ngati n'zamanyazi, ngati akuulula kuti sasamba. Funsolo likhale ndi kabokosi kake m'kabuku ka sikelo, likhale pa chithunzi cha pakhoma, lilowe m'nyimbo ndi m'maphunziro a m'mawa amene amayi amalandira asanayambe kukwera sikelo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi alidziwe. Anamwino oyankha mafoni ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011, akhale nalo pa mndandanda wawo. Kusiyanitsa ndi mphere sikufuna makina: mphere zimaoneka pakati pa zala ndi m'chiuno, zimakhala ndi tizilonda, ndipo zimagwira banja lonse.

Mayi akayankha kuti inde ndipo khungu lili loyera, atumizidwe ku chipatala cha boma kukayezetsa chiwindi, makamaka ALT. Apa pali msampha umene ndikupempha kuti aphunzitsi a azamba ndi a madokotala autsindike. Mimba imasintha manambala a chiwindi ngakhale mwa mayi wathanzi. ALP imakwera chifukwa nsengwa nayo imaipanga, albumin imatsika chifukwa magazi achuluka madzi, ndipo malire a ALT amakhala otsikirapo kuposa a munthu wosayembekezera. Woyang'ana pepala la labu ndi malire a anthu wamba akhoza kuchita mantha ndi ALP yopanda vuto, n'kudutsa ALT imene yayamba kukwera. Kuyeza kumeneku kuli ndi phindu lina. Chiwindi cha mayi wapakati chimavutikanso ndi matenda aakulu kuposa awa: HELLP, imene imayenda ndi kuthamanga kwa magazi, mafuta odzaza m'chiwindi mwadzidzidzi kumapeto kwa mimba, hepatitis B, ngakhalenso mankhwala ena a kuchipatala ndi a zitsamba. Chipatala chimene chazolowera kuyang'ana chiwindi cha mayi woyabwa chidzagwiranso ena mwa amenewa msanga.

Koma ALT payokha sinena za chiopsezo cha mwana. Kafukufuku wa 2019 uja anapeza kuti chimene chimayenda ndi imfa ya mwana ndi asidi a ndulu. Ndiye pempho langa lalikulu ndi lakuti zipatala zazikulu zinayi, Queen Elizabeth, Kamuzu, Mzuzu ndi Zomba, zikhale ndi mankhwala oyezera asidi amenewa nthawi zonse, ndipo alowe pa mndandanda wa zogula za Central Medical Stores Trust. Kuyezaku kumachitika pa makina wamba a labu amene amayeza shuga ndi impso, ndipo mayi safunika kusala kudya. Njira yonyamulira magazi tili nayo kale. Dziko lino linaphunzira kutumiza magazi a anthu omwa ma ARV pa njinga zamoto za Riders for Health kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono kupita ku malabu aakulu, zotsatira n'kubwerera. Ndife dziko limene linayamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera mu 1993 ena asanayambe, ndi kuyambitsa Option B+ mu 2011 ena akukayikira. Kabotolo kamodzi kowonjezera m'bokosi la wanjinga sikangatikanike. Chofunika n'chakuti zotsatira zibwere m'masiku ochepa, pakuti pa sabata ya 35 yankho lobwera patatha mwezi ndi la m'kaundula chabe, ndipo mayi woyabwa ayezedwe mobwereza chifukwa nambala imakwera mimba ikamakula. Wochokera kutali amene nambala yake yakwera apatsidwe malo ku chidikiro msanga.

Ku Kamuzu University of Health Sciences kuli ophunzira a udokotala wa amayi ndi a uzamba amene chaka chilichonse amasaka mitu ya kafukufuku. Apatseni uwu. Atenge amayi oyabwa ndi osayabwa ku Gogo Chatinkha ndi ku Bwaila, awayeze, atiuze nambala zathu, kuti malire amene tidzatsatire akhale oyesedwa pa amayi odya nsima ndi kumwa mankhwala amene amayi athu amamwa. Ndipo komiti iliyonse younika imfa za amayi ndi makanda, ikakumana ndi mwana wokhwima amene wafa m'mimba popanda chifukwa chooneka, izifunsa mayiyo ngati ankakanda. Mng'ono wanga palibe anamufunsa.

Chotsiriza n'chaching'ono kwambiri. Mayi akachira, kuyabwa kukatha, ayezedwenso patapita milungu inayi kapena kuposa kuti zitsimikizike kuti chiwindi chabwerera, pakuti chikapanda kubwerera ndiye kuti pali matenda ena obisala. Kenako dzina la matendawa lilembedwe ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba la kabuku kake, auzidwe m'Chichewa kuti pa mimba yotsatira akayambe sikelo msanga ndi kunena yekha, auzenso abale ake aakazi. Wa kulera naye aone tsambalo, chifukwa ena kuyabwa kumabwerera akamwa mapiritsi okhala ndi estrogen. Kabuku ka mng'ono wanga ndinakalemba ndekha ndi cholembera chofiira chochongera mayeso, ndipo mwana wanga wamkazi, amene wakwatiwa chaka chino, ndamukhazika pansi kale n'kumuonetsa zikhatho.

Ine wanu,

Mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo,
Chigawo cha Pakati